Kangalawa ka matanga ofiira kochokera ku Guangzhou: n'ka Zheng He zoona?

Funso

Ndine kalipentala, ndipo nthawi zina ndimasemanso ziboliboli. Mlamu wanga amapita ku Guangzhou kukapikula katundu, ndiye ulendo wapitawu anandibweretsera kangalawa kamatabwa kotalika masentimita 60. Kali ndi milongoti itatu, matanga ofiira onyezimira, mutu wa chinjoka kutsogolo ndi timizinga tamkuwa m'mbali. Wogulitsa anamuuza kuti ndi chifanizo cha ngalawa ya Zheng He. Kodi n'zoona? Nanga nditafuna kupanga kanga ndi manja angawa, ndi matabwa athu omwewa, ndiyambire pati?

Yankho

Achimwene, mlamu wanuyo mumuthokoze ndithu, chifukwa kunyamula kanthu kosachedwa kuthyoka ngati kameneko pakati pa zikwama za katundu wamalonda si zamasewera. Koma pa funso lanulo sindikuzungulirani. Kameneko si ngalawa ya Zheng He, ndiponso sikakufanizira ngalawa iliyonse imene inayendapo pamadzi. N'kokongoletsera m'nyumba. Ku China tingalawa totere amapatsana munthu akamatsegula sitolo kapena akalowa ofesi yatsopano, pomufunira kuti zake ziyende ngati ngalawa imene mphepo ikuikankha kuchokera kumbuyo. Ena amathiramo ndalama zachitsulo n'kukayang'anitsa m'kati mwa nyumba kuti chuma chizilowa osati kutuluka. Ntchito yake ndi imeneyo, ndipo pa ntchito imeneyo palibe chimene kalakwa. Wogulitsayo anangomatapo dzina lotchuka kuti malonda ayende, monga amachitira anzathu a ziboliboli akaona mlendo wa kamera pakhosi.

Zimene mwatchulazo zikudziulula zokha. Mutu wa chinjoka ndi wa mabwato aatali opalasa ndi nkhafi, aja a mpikisano umene umachitika tsiku lachisanu la mwezi wachisanu pa kalendala yawo yakale, ndipo mabwato amenewo sakhala ndi thanga. Ngalawa za m'nyanja yamchere zinkatsekedwa kumutu ndi thabwa lathyathyathya, ndipo pakakhala nkhope ya nyama ndiye yojambula ndi penti, osati yosema n'kuisomeka ngati mutu wa ndodo ya mfumu. Kufiira kwa matanga kuli ndi gwero lake, koma si kufiira kwa nsalu zokongoletsera holo ya ukwati. Asodzi a kummwera kwa China ankanyika matanga ndi maukonde m'madzi a makungwa ndi mizu kuti asaole msanga, ndipo mtundu wake unkatuluka ngati katondo, mwina ngati tiyi wowawa wopanda mkaka. Kufiira kowala kumene anthu akudziwa lero n'kwa ngalawa zoyendetsa alendo pa doko la Hong Kong, zimene zimakweza matanga kuti chithunzi chikome pamene pansi injini ili kalikiliki.

Zheng He analipodi. Anali mtumiki wamkulu wa Yongle, mfumu ya m'banja la Ming, ndipo anatsogolera maulendo asanu ndi awiri pakati pa 1405 ndi 1433. Zombo zake zinafika ku Java, ku Sri Lanka, ku Calicut, ku Hormuz, mpaka ku gombe la kummawa kwa Africa, ku Mogadishu ndi ku Malindi. Mbiri ya boma ya mafumu a Ming, imene inamalizidwa mu 1739 patapita zaka 300 maulendowo atatha, imati pa ulendo woyamba panali anthu oposa 27,800 ndi zombo zikuluzikulu 62, zotalika zhang 44 ndi zhang 18 m'lifupi pa muyeso wawo wakale. Pa muyeso wathu ndi kupitirira mamita 120, kuposa bwalo la mpira. Akatswiri a zombo akhala akukangana kwa zaka zambiri ngati chombo cha matabwa okhaokha chotalika motero chingapirire mafunde osathyoka msana, ndipo ambiri amati zenizenizo zinali pafupifupi theka la pamenepo. Chombo chenichenicho sichinapezeke, mapulani ake kulibenso. Chimene anafukula ku Nanjing mu 1957, pamalo amene ankakhomerapo zombozo, ndi mtengo wa chiwongolero wotalika mamita 11. Ndiye aliyense wopanga ngalawa ya Zheng He akuchita kuganizira, ena atawerenga kaye, ena mongolota.

Tengani tepi muyese nokha. Mamita 120 mukawapanikiza m'masentimita 60, ndiye kuti chilichonse chachepa ka 200, ndipo munthu wamkulu woima pamenepo sangakwane ndi sentimita imodzi yomwe. Ndikukhulupirira kuti kakhomo ka kanyumba ka kumbuyoko chala chanu chamkombaphala chikulowa bwinobwino. Khomo limenelo likanakhala lolowera njovu.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landikoka mtima, ndipo yankho lake likuyambira pa kuiwala mawu akuti ngalawa ya ku China. Kulibe ngalawa imodzi yotero. Dzina lakuti junk limene azungu amazitchula zonse pamodzi si la Chitchaina n'komwe, linachokera ku mawu a ku Java ndi Malaya akuti jong, kudzera mwa Apwitikizi. Eni ake ankadziwa ngalawa potengera gombe limene yachokera, monga msodzi wa ku Nkhata Bay sangasokoneze bwato lakwawo ndi la ku Chilwa ngakhale litakhala patali. Madzi ndi amene ankalamula kamangidwe. Mmisiri wa tingalawa amene sanasankhe gombe ndi nyengo amathera kutola chiwongolero cha uku, thanga la uko, maso a kwinanso, n'kutuluka ndi chinthu chofanana ndi chimene mlamu wanu wabweretsa.

Ku mathiriro a mtsinje wa Yangtze, kufupi ndi Shanghai, ndi kumpoto kwake, madzi ndi osaya ndipo mchenga umasamukasamuka. Kumeneko kunali shachuan, kutanthauza ngalawa ya pamchenga. Pansi pake n'pathyathyathya kotero kuti madzi akaphwera imangokhala pamchenga chilili osagudubuzika. Ilibe msana wotulukira pansi, choncho m'mbali zonse ziwiri mumalendewera matabwa aakulu amene amatsitsira m'madzi kuti isamayende chammbali ngati nkhanu. Zikuluzikulu zinkakhala ndi milongoti mpaka isanu, ina yosaima pakati penipeni koma chakumbali, ndipo matanga ake ndi aatali, a ngodya zinayi. Mpaka lero ngalawa imeneyi ili pa chizindikiro cha mzinda wa Shanghai. Kummwera ku Fujian gombe ndi lamiyala, madzi ndi akuya, ndipo fuchuan ya kumeneko ili ndi msana weniweni, pansi posongoka ngati chilembo cha V, kumbuyo kokwera kwambiri ndi maso awiri aakulu kumutu. Ku Guangdong, kumene mlamu wanu amapita, ankakonda mitengo yolimba ngati chitsulo, matanga ozungulira kumbuyo ngati phiko, ndi chiwongolero chobowolabowola mabowo ooneka ngati daimondi wa pa makhadi a njuga. Zhejiang nayo inali ndi yake, ya kumutu ngati mlomo wa mbalame, yojambulidwa nsidze zobiriwira pamwamba pa maso. Za m'mitsinje ndiye zosawerengeka. Pa mtsinje wa Wu, chakumtunda kwa Yangtze, ankakhoma dala ngalawa zokhota kumbuyo, mbali ina yokwera kuposa inzake, kuti pakhale poika nkhafi yaikulu yowongolera pa mathithi. Mutapanga imeneyo molondola, aliyense wolowa m'shedi mwanu angakuuzeni kuti matabwa apindika.

Mukandifunsa ine, yambani ndi sampan, kabwato kakang'ono ka padoko kamene dzina lake limatanthauza matabwa atatu. Masentimita 30, mlongoti umodzi, kadenga ka mphasa pakati. Muphunzirirapo kupinda timatabwa ndi kumanga thanga popanda kutaya miyezi. Ikatha imeneyo pitani pa ngalawa imene ilipo yeniyeni, yoti munthu akhoza kuiyeza, ndiyo ngalawa ya ku Quanzhou.

Inapezeka mu 1973 m'matope a pa doko la Houzhu ku Fujian, n'kufukulidwa chaka chotsatira. Chotsala chake n'chotalika mamita 24.2 ndi mamita 9.15 m'lifupi, ndipo akatswiri amati ili yathunthu inali pafupifupi mamita 34. Inamira m'zaka za m'ma 1270, kumapeto kwa mafumu a Song, ikuchokera kummwera ndi mitengo yonunkhira yopitirira matani awiri, tsabola ndi zigoba za m'nyanja. Lero ili m'nyumba yake m'bwalo la kachisi wa Kaiyuan mumzinda wa Quanzhou. Chakumwamba chonse chinaola, kotero milongoti, matanga ndi tinyumba timene mungaone pa zifanizo zake n'zobwezeretsa potengera zojambula zakale ndi ngalawa za m'mbuyo mwake. Koma thupi lake, limene ndilo gawo lovuta, lilipo ndipo linayezedwa thabwa ndi thabwa.

Mukaiyang'ana kuchokera pamwamba muona chinthu chimene chimasiyanitsa ngalawa za ku China ndi za azungu a nthawi imeneyo. Azungu ankadalira nthiti zambirimbiri zothithikana. Iyi ili ndi zipupa 12 za matabwa ochindikala zodutsa chopingasa, zimene zikugawa mimba yake m'zipinda 13, ngati mfundo za m'kati mwa nsungwi. Mphamvu yonse ya ngalawa ili m'zipupa zimenezi, milongoti imatsamira pomwepo, ndipo mwala ukabowola chipinda chimodzi madzi sathamangira mwa zinzake. Marco Polo, amene ananyamukira pa doko lomweli pobwerera kwawo, anasimba za zombo za zipinda 13, ndipo matope a ku Houzhu anamuchitira umboni. Luso lokhoma zipupa zosalowa madzi UNESCO inaliika mu 2010 pa mndandanda wa maluso amene atsala pang'ono kufa, chifukwa amisiri ake ku Jinjiang ndi ku Ningde anatsala owerengeka, zombo zachitsulo zitawalanda ntchito. Ena mwa iwo lero amakhalira kupanga tingalawa, ndipo timeneto ndi tosiyana kutalitali ndi ta m'sitolo za mphatso, chifukwa mukavundukula pamwamba mupeza zipinda zonse zilimo.

Kwa inu wa timatabwa imeneyi ndi nkhani yabwino. Opanga zifanizo za zombo za azungu amaimika zipupa za pulayiwudi mwachinyengo, n'kuzibisa kuti zisaoneke. Inu zipupa zanu ndi zoona, mukhoza ngakhale kusiya mbali ina ya pamwamba yosatseka kuti anthu azisuzumira. Pansi pa chipupa chilichonse, kupatula cha kumutu ndi cha kumbuyo kwenikweni, bowolanipo kabowo pafupi ndi msana, chifukwa pa yeniyeniyo pali njira yoti madzi odontha azitsetserekera pamalo amodzi potungira.

Muyeso sankhani 1:50. Mamita 34 akhala masentimita 68, kukula kokwana pa shelefu komanso koti zala za munthu wozolowera zitseko zikhoza kugwira. Musanadule kanthu, semani kamunthu kotalika masentimita 3.4 n'kukaika pabenchi. Kameneko ndiye kapitawo wanu. Chitseko, makwerero, mpanda wa m'mbali, chogwirira chiwongolero, chilichonse muzikaimika pambali pake n'kudzifunsa ngati munthu angachigwiritse ntchito. Thabwa lochindikala masentimita 8 pa ngalawa yeniyeni likhala mamilimita 1.6 kwa inu. Chingwe chonenepa ngati chala chachikulu chikhala theka la milimita. Anthu ambiri zimawakanika pomwepa, amaika zingwe zonenepa ngati zomangira ng'ombe chifukwa ulusi woyenera umaoneka ngati uduka.

Ya ku Quanzhou anaikhoma ndi paini, mitengo ya mtundu wa sida ndi mtengo wonunkhira wotchedwa camphor. Musavutike kuzifuna zimenezo. Pa kachifanizo chofunika ndi mtengo wa mizere yaing'ono, popeza mzere umene pa chitseko umakongola, pa kathabwa ka mamilimita 6 m'lifupi umaoneka ngati ngalande. Malaina ouma bwino ndi amene ine ndimadalira pa zipupa ndi timatabwa ta m'mbali, savuta kupala ndipo sakonda kupindika. Jakaranda nayenso amachita bwino. Mbawa isungireni msana, chiwongolero ndi mitanda yochindikala yoyenda m'litali mwa ngalawa, kuti mtundu usiyaneko. Mlombwa ndi wa poikapo. Tizinthu tating'onoting'ono todutsamo zingwe semani ku nthambi youma ya ndimu kapena gwafa, siphulika mukamabowola. Mkungudza wa ku Mulanje usiyeni, watsala pang'ono kutheratu, pokhapokha mutapeza chidutswa cha chitseko chakale. Ndipo mawu akuti ouma ndikunenetsa. Kanga koyamba ndinakakhoma m'dzinja ndi malaina ochekedwa kumene. Kanali kokongola mpaka Okutobala, pamene mizere yonse inayasama moti ndinkaona kuwala mbali inayo.

Amisiri enieni amayamba ndi msana, kenako matabwa apansi, zipupa n'kumalowa pambuyo. Inu musinthe pang'ono. Khomererani msana pa thabwa lowongoka, imikani zipupa zonse 12 ndi sikweya, ndipo m'mphepete mwa chipupa chilichonse mupale mopendeka kuti kathabwa kakamadutsa kagone thupi lonse, osati kungokhudza pangodya. Ntchito yopala imeneyi ndi yotopetsa ndipo siioneka, koma mukaithamangira thupi la ngalawa lituluka la mabampu. Timatabwa tinyikeni m'madzi otentha, mutipinde pa paipi yotentha kapena ndi simbi, tiume tili pamalo pake, kenako muzimata ndi guluu woyera wa matabwa. Zopanira zake ndi mapegi a zovala ndi malegeni. Mukamata kamodzi kumanja, kotsatira kapite kumanzere. Mukamaliza mbali imodzi yonse kaye, guluu pouma akoka msana ndipo ngalawa ikhota ngati nthochi. Yeniyeniyo ili ndi matabwa osanjikiza, awiri chakumunsi ndi atatu chakumtunda, ndipo kunja kwake kumaoneka timasitepe m'malo mosalala paliponse. Simukakamizidwa kusanjikiza katatu, koma timasitepeto tionetseni.

Pa mizere ya pakati pa matabwa ankamatapo phala la laimu wootcha ku zigoba za m'nyanja, mafuta a tung ndi ulusi wa chomera chotchedwa ramie. Likauma limalimba ngati mwala, ndipo ankaphimbira nalo ngakhale mitu ya misomali kuti isachite dzimbiri. Mtengo wa tung si wachilendo kwathu kuno. Mzinda wa Mzuzu unakulira pa esiteti ya mitengo imeneyi imene inatsegulidwa ku Viphya kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo agogo ena kumeneko akukumbukabe kutola mtedza wake. Mukapeza mafutawo, pakani kangalawa kanu pang'onopang'ono ndi kansalu. Mukalephera, mafuta a linseed a m'sitolo za hadiweya achita. Chimene ndikukanizeni ndi vanishi wonyezimira. Ngalawa yogwira ntchito sinkawala ngati bokosi la maliro la munthu wolemera.

Chiwongolero musachikolowetse ndi mahinjesi ngati chitseko, umo ndi mmene ankachitira azungu. Cha ku China chimazungulira m'mabowo a mitengo, ndipo chimalendewera pa chingwe chokulungidwa pa mtanda wopukusa, kuti pa madzi akuya achitsitse kupitirira pansi pa ngalawa, pa madzi osaya achikweze. Chimakhala chachikulu modabwitsa, moti mukachipanga pa muyeso woyenera mtima ukuuzani kuti mwalakwitsa. Musachichepetse. Ndipo pano pali chimene chingakusangalatseni monga mmisiri wa zifanizo. Umboni wakale kwambiri wa chiwongolero cha kumbuyo kwa ngalawa ndi kachifanizo, kadothi kootcha, kotalika masentimita 54, kamene kanapezeka mu 1955 m'manda a nthawi ya mafumu a Han ku Guangzhou komweko. Woumbayo anamwalira zaka pafupifupi 1,800 zapitazo kapena kuposerapo, koma chifukwa anaumba zimene ankaona padoko osati zimene zikanakometsa malonda, akatswiri akuphunzirabe kwa iye.

Maso ndi penti zimafuna kusamala ndi zaka. Ku Fujian ndi ku Zhejiang amati ngalawa ya asodzi maso ake amayang'ana pansi kufuna nsomba, ya amalonda amayang'ana kutsogolo kufuna njira. Mu 1723 boma la mafumu a Qing linalamula kuti kumutu kwa ngalawa kuzipakidwa mtundu wosonyeza kwawo: Fujian wobiriwira, Guangdong wofiira, Zhejiang woyera, dera la Jiangnan wabuluu. N'chifukwa chake ngalawa za amalonda a ku Chaozhou zopita ku Siam, kumene lero ndi ku Thailand, zinkatchedwa za mitu yofiira. Ndi lamulo lothandiza mukamapanga ngalawa ya m'zaka za m'ma 1700 kapena 1800, koma pa ya ku Quanzhou silikugwira, inamira zaka 450 lamulolo lisanabwere. Timizinga tamkuwa natonso tisiyeni m'kabati.

Tsopano matanga, pamene ine ndimayang'ana koyamba munthu akandionetsa ntchito yake. Thanga la ku China si nsalu yongopachika. Lili ndi nsungwi zopingasa kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, zotalikirana mofanana kuchokera pansi kufika pamwamba, ndipo pamwamba penipeni pali mtanda wolemererapo umene chingwe chokwezera chimagwira. Thangalo limakhala mbali imodzi ya mlongoti, gawo laling'ono litatulukira kutsogolo kwake. Nsungwi iliyonse ili ndi kachingwe kake koikolowetsa ku mlongoti momasuka kuti izitha kukwera ndi kutsika. Kumbuyo, ku nsonga ya nsungwi iliyonse kumachoka kachingwe, tingwe timeneti timakumana pa kamtengo kobowolabowola, ndipo kuchokera apo chingwe chimodzi chimatsikira kwa woyendetsa. Mukayang'ana chammbali zimaoneka ngati zala za dzanja lotambasula. Pa tingalawa ta m'sitolo zimenezi sizikhalapo, nsungwi amangozimata ndi guluu ndipo thanga amalimanga pangodya imodzi.

Ubwino wake unali pa mphepo yamkuntho. Mzungu ankatuma anthu kukwera pamwamba kukakulunga nsalu chombo chikugwedezeka. Mtchaina ankangomasula chingwe chokwezera, thanga n'kudzipinda lokha nsungwi pa nsungwi ngati akodiyoni, n'kugwera m'zingwe ziwiri zolendewera zimene zimaliwakha kuti lisamwazike. Zingwe zowakhazo muziike. Nsalu ikang'ambika, chibowo chimathera pakati pa nsungwi ziwiri, n'chifukwa chake pa zithunzi zakale muona ngalawa zikuyenda ndi matanga azigamba ngati buluku la kumunda. Munthu akafuna kukwera ankaponda nsungwi zomwezo. Choncho makwerero a zingwe aja a m'mbali mwa mlongoti musaike, ndipo milongoti yambiri inkaima yokha popanda zingwe zoikoka m'mbali. Ine ndinawaika pa kanga kachiwiri, nditakopera pa chithunzi cha chombo cha azungu, ndipo ndinachita kuwadula ndi lezala patapita chaka nditazindikira. Mlongoti wa kutsogolo uweramire kutsogolo, waukulu uime chilili.

Ibn Battuta, amene anaona zombozi ku Calicut m'zaka za m'ma 1340, anati matanga ake anali a nsungwi zoluka ngati mphasa. Nsalu ya thonje inafala pambuyo pake. Kuluka mphasa pa muyeso wa 1:50 n'kosatheka, ulusi wake ungachepe kuposa tsitsi, ndiye tengani nsalu yopyapyala ya shati yakale ya thonje imene yachapidwa mpaka kufewa, muinyike m'tiyi wowirira, ikauma mulembe mizere ndi pensulo yosongoka. Musaipinde m'mphepete ndi makina, msoko wake umanenepa. Pakani guluu wosungunula ndi madzi pamzere wodula, akauma dulani ndi lezala yatsopano. Nsungwi zing'ambeni n'kuzipala ndi galasi losweka monga tinkachitira popanga makaiti, mpaka zifike pa mamilimita awiri kapena kucheperapo, ndipo muzisokerere ku nsalu ndi singano, osati kumata. Ulusi uliwonse muudutsitse pa phula la njuchi kuti ubweya wake ugone. Kuona maso a nkhono n'kudekha, thanga limodzi likhoza kukudyerani madzulo a sabata yathunthu.

Mapulani alipo, ngakhale kuti amisiri a ku China sankajambula, miyeso ankaisunga pamtima n'kupatsira ana awo. Sir Frederick Maze, amene anali mkulu wa kasitomu ya m'madoko a China kuyambira 1929 mpaka 1943, anaona kuti ngalawazi zikutha ndipo analamula amisiri a ku China kuti apange zifanizo zikuluzikulu zolondola, zimene anazipereka ku Science Museum ku London. Wantchito wake wina, G.R.G. Worcester, anayenda m'mitsinje ndi m'madoko ndi tepi ndi pensulo, ndipo buku lake lakuti The Junks and Sampans of the Yangtze lili ndi zojambula zoyezedwa zoti kalipentala akhoza kutsatira. Sampan yanu yoyamba muipeza mmenemo. Ku Antwerp ku Belgium kulinso gulu lalikulu la tingalawa timene tinapangidwira chionetsero cha ku St. Louis ku America cha 1904. Zithunzi za zonsezi zimapezeka pa intaneti, ndipo mukamafufuza lembani dzina la mtundu wake, fuchuan kapena shachuan, chifukwa mukangolemba junk akubweretserani matanga ofiira omwe aja.

Mlamu wanu akamapitanso, m'malo mwa kangalawa kena mupempheni tsiku limodzi. Ku Yangjiang, m'chigawo chomwecho cha Guangdong, pa chilumba cha Hailing pali ngalawa ya nthawi ya Song yotchedwa Nanhai One, imene inapezeka mu 1987 n'kuvuulidwa yathunthu pamodzi ndi matope ake mu 2007 m'chibokosi chachitsulo. Chotsala chake n'chotalika pafupifupi mamita 22 ndipo zipupa zake zimaoneka bwino kuchokera pamwamba. Akajambule polumikizira chipupa ndi matabwa a m'mbali, ndi pamene pankaima mlongoti. Kangalawa kofiirako kasiyeni pa shelefu ya pabalaza, kutali ndi dzuwa la pawindo, muzikapukuta fumbi ndi nthenga ya nkhuku.

Ndatsala pang'ono kuiwala chinthu choyenera kuchitika tsiku loyamba. Msana wa ngalawa ya ku Quanzhou ndi wa mitengo itatu yolumikiza, ndipo ofukula atamasula mfundozo anapeza timabowo tisanu ndi tiwiri toikamo ndalama zachitsulo, toyalidwa ngati nyenyezi zisanu ndi ziwiri za kumpoto, ndi bowo lalikulupo loikamo kalilole wamkuwa woimira mwezi. Amisiri a ku Fujian anapitiriza mwambo umenewu mpaka m'nthawi yathu ino. Ine ndimabowola ndi nsonga ya singano, n'kulowetsamo tizidutswa ta waya wamkuwa wa m'chingwe cha magetsi, ndipo mwezi ndimaudula ku kachitini, mamilimita awiri. Muchite zimenezi musanamate mfundo ya msana, chifukwa zipupa zikangoima simudzafikaponso.